Nsapato Zimene Tinawabisira Agogo Anu a ku Wales

Tadala, tazimitsa kaye kafoni kakoko. Iwenso Ivani, sendera kuno. Mvula imeneyi sikata msanga, ndipo bambo anu sangafike kuno ku Parklands msewu utadzaza chonchi. Agogo anu aakazi akukazinga zitumbuwa, ndiye pakamwa panu papeza ntchito, ine mungondibwereka makutu.

Ndamva zimene zinachitika. Usayang'ane pansi, Tadala, sindikukukalipira. Akuti anzako a kusukulu atabwera kwanu ku Lavington anapeza agogo ako a Dewi atakhala pakhonde, atayala nyuzipepala, akupukuta nsapato zako, ndipo mmodzi anafunsa ngati nyumba yanu inalemba mzungu ntchito. Iwe manyazi anakugwira mpaka unati anzakowo asadzabwerenso. Ndikudziwanso kuti nonse awiri mwakhala mukumva makolo anu akunong'onezana za ndege ndi za nyumba yosamalirako okalamba ya ku Wales. Makoma a nyumba za masiku ano ndi opyapyala, ndipo makutu anu sagona. Mukufuna kudziwa ngati agogo anuwo achoke kapena akhale. Ndikuuzani, pakuti nkhaniyo inagamulidwa Lamlungu lapitali inu muli kokasambira, ine ndinalipo. Koma mundilole ndiyambire kutsinde. Vuto lanu ana a lero ndi lakuti mumafuna kumva zigoli musanaonere mpira.

Ine mpira ndinaudziwira ku Ntcheu, pabwalo la sukulu ya mishoni pamene golo ina inali kumtunda, ina kumunsi, moti amene wayamba kumtunda ankakhala ngati wawina kale. Mpira wake unali chikulunga, nsanza zomangidwa ndi luzi, ndipo ukamasuka masewero ankaima mpaka mwini wake aumangenso. Za nsapato musafunse. Chala chikaphulika pamwala tinkathira dothi pabalapo n'kupitiriza. Wayilesi m'dera lonse inali imodzi, ya aphunzitsi aakulu, ndipo mabatire akafooka tinkawayanika padenga kuti adye dzuwa. Loweruka madzulo munthu wa mawu ozizira ankawerenga zotsatira za mpira wa ku Mangalande, mayina a matauni oluma lilime, ife n'kumaomba m'manja osadziwa n'komwe kuti kumeneko ndi kuti. Sindinkadziwa kuti m'matauni amenewo muli mnyamata wa msinkhu wanga amene tsiku lina ndidzamutchula kuti asewere. Mawu amenewa muwasunge, poti kusukulu kwanu sadzakuphunzitsani. Mwana wako akakwatirana ndi mwana wa munthu, iwe ndi munthuyo ndinu asewere.

Kuno ku Nairobi ndinabwera ndi umakaniko, bungwe la mpingo litandisamutsa kuti ndizikonza galimoto zake. Inu mukamapita kumudzi mumakwera ndege, mumadandaula kuti mpando wathina, musanamalize kudandaula mwafika. Ife tinakwera basi ku Lilongwe, kukagona pachipata cha Songwe, kusintha ina ku Mbeya, inanso kutsogolo, kufika ku Namanga miyendo itatupa ngati mitondo. Agogo anu aakazi ananyamula nyemba, chigumu chokulunga m'nsalu ndi mthiko wawo, ati sangakhulupirire mthiko wa dziko la eni. Mayi anu anali kumsana, ndipo analira kuchokera ku Kasungu mpaka kuno, anthu a m'basi ndi mboni. Galaja yathu inali ku Industrial Area, pakati pa fakitale ya utoto ndi nyumba yosungiramo matumba, ndipo ndinakhala kunsi kwa magalimoto kumeneko mpaka imvi zinandipeza.

Mayi anu atakula n'kuyamba ntchito kubungwe loona za madzi, anabwera tsiku lina n'kukhala pansi pomwe wakhala Ivanipo, akukanda kapeti ndi chala.

"Adadi, pali munthu."

"Kwawo?"

"Ku Wales."

"Oho, Mngelezi."

"Mawu amenewo musadzawatchule bambo ake akumva."

Ndinadzamvetsa pambuyo pake. Kumutcha munthu wa ku Wales kuti Mngelezi kuli ngati kundiuza ine kuti ndine wa ku Zambia chifukwa choti tinayandikana. Anthu aja ali ndi dziko lawo, chinenero chawo, timu yawo ya mpira, ndipo kuimba nyimbo za m'tchalitchi amatha ngati Amalawi.

Chinkhoswe tinachitira mu holo ya tchalitchi chathu chomwechi. A Dewi anafika ndi akazi awo, agogo anu amene anatisiya iwe Tadala ukukwawa. Anabwera opanda nkhoswe, opanda malume, opanda tambala. Nkhoswe tinachita kuwabwereka kukwaya ya Amalawi, tambala tinakawagulira kumsika. Tinawalangiza kuti pachinkhoswe kholo limakhala phee, zonse amayankhula ndi ankhoswe, iwo n'kugwedeza mutu ngati amva. Koma atsikana atalowa atafunditsidwa zitenje kuti bambo anu aloze wawo, bambo anuwo n'kuyamba kulunjika kwa wolakwika, a Dewi anadzambatuka n'kukuwa ngati ali pabwalo: "Kumanzere, Oweni! Kumanzere!" Holo yonse inagwa ndi phwete, ankhoswe obwerekawo anangogwira kumutu.

Ine atandipatsa moni sanandiyang'ane kumaso, anayang'ana kuphazi. Ndinali nditavala nsapato zakuda zimene ndinazigwirira ntchito m'mawa wonse.

"Izi mwapukuta nokha," anatero.

Ndinavomera.

"Ndiye tigwirizana."

Ndipo tinagwirizanadi. Akabwera kutchuthi sankafuna kupita kukaona nyama kunkhalango ngati azungu anzawo. Ankakwera matatu, timinibasi ta kuno, kubwera kugalaja, n'kukhala pa tayala, tikumwa tiyi wa mkaka wa mayi wina wa pakona, iwo akundipatsira masipanala. Moyo wawo ndinaumvera kumeneko, chidutswachidutswa, Chingelezi chawo chokhotakhota chikukumana ndi changa cha kumishoni.

Anabadwira m'chigwa cha migodi ya malasha, m'nyumba zolumikizana ngati mabogi a sitima. Bambo awo ankalowa pansi kusanache n'kutuluka kutada, ndipo anamwalira ndi chifuwa cha fumbi. Atandiuza zimenezi ndinasiya sipanala, chifukwa nawonso bambo anga anabwerera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi jekete, njinga ndi chifuwa chomwecho. Tinali ana awiri a anthu a mumgodi, wina wakuda wina wofiira. Bambo awo a Dewi anali atalumbira kuti mwana wawo sadzalowa pansi, ndipo khomo lotulukira m'chigwa chija linali limodzi lokha, mpira.

Atangomaliza sukulu, timu ina ya kutsidya, ku England, inawatenga. Mukamva choncho mukuganiza za anyamata a pa TV aja, ometa mizeremizere, oyenda pa galimoto zonga ndege. Ayi ndithu. Masiku amenewo mnyamata akatengedwa ankayamba ngati wophunzira ntchito. Ankasesa mokhala anthu oonera, kutsuka bafa losambiramo timu, ndipo koposa zonse ankapukuta jombo za osewera akuluakulu. Mnyamata aliyense ankapatsidwa akuluakulu ake, jombo zawo zikhale pamutu pake. Ankapala matope ndi kampeni, kutsuka, kulongamo nyuzipepala kuti ziume osapindika, kuzipaka mafuta kuti chikopa chifewe, n'kuona ngati mano a kunsi ali olimba. Wamkulu akaterereka Loweruka pamaso pa anthu, Lolemba khutu lokokedwa linali la mnyamatayo. Iwe Ivani, amene umavula jombo zako pakhomo n'kuzisiya ngati zidzadzitsuka zokha, ukanatha mlungu umodzi?

Ine ndinawafunsa ngati sizinkawawawa, mwana wa munthu kusanduka wantchito wa anzake. Anaseka. Anati moyo wawo wonse sanagonepo tulo tabwino ngati masiku amenewo. Ankati ukaona jombo zili ndandanda pa shelefu, zonse zikuwala, umadziwa kuti lero wagwira ntchito ndipo mawa akufunanso.

Atakhwima anakhala wotchinga kumbuyo, ndipo chida chawo chinali mutu. Mwaiona mphuno yawo momwe inakhotera, ndipo mano a kutsogolo aja mukudziwa kuti usiku amagona m'kapu. Mpira wa nthawi imeneyo unali wa chikopa, wosokedwa ndi chingwe, ndipo kwawoko mvula ndi ya tsiku ndi tsiku, ndiye ukamwa madzi unkalemera ngati dzungu. Pokonzekera masewero kochi ankauponya m'mwamba, iwo hedi, kuponyanso, hedi, mpaka dzuwa kupendeka. Akagundana mitu ndi mnzawo n'kukomoka, munthu ankathamanga ndi ndowa, kuwafinyira siponji ya madzi ozizira pankhope, kuwafunsa dzina lawo, akalitchula basi bwererani m'bwalo. Anthu ankawaimbira nyimbo chifukwa cha mutu umenewo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kuti ukuphwanyika m'kati pang'onopang'ono.

Sanali wotchuka woti dziko lonse limudziwe, ndisakunamizeni. Anasewera m'matimu a m'munsi, akusamukasamuka ngati mphunzitsi wa pulayimale, bambo anu akusintha sukulu chaka ndi chaka. Koma nthawi ina timu ya dziko lawo inawaitana. Kwawoko munthu akasewerera dziko amapatsidwa chipewa, ndicho chija chofiira cha mphonje chili m'kabati ya galasi kwanu, chimene iwe Ivani unachivala pa tsiku lako lobadwa n'kuchipaka keke. Anandiuza kuti nyimbo ya fuko itayamba sanathe kuimba, ankangoganiza za bambo awo amene sanakhale ndi moyo kuti aone. Kenako bondo linakana, mpira unatha, ndipo munthu amene ankaimbiridwa nyimbo anayamba kuyendetsa galimoto ya buledi m'bandakucha, osadandaula.

Akazi awo atamwalira, bambo anu anawaitana kuti adzakhale kuno. Zaka zimenezo ndi zimene ndimazikonda kwambiri. Ine ndinali nditapuma pantchito, iwo alibe chochita, ndiye tinapeza bwalo la fumbi kuseri kwa mafakitale n'kuyamba kuphunzitsa ana a m'makomboni a kumeneko. Iwo kochi, ine womasulira ndi wopopa mipira. Chiswahili chawo chinali mawu awiri, haraka ndi pole, kufulumizitsa ndi kupepesa, ndipo ankati mpira sufuna oposa amenewo. Ana aang'ono sankawalola kumenya hedi, ngati kuti mtima unkawauza kanthu. Lamulo lawo linali lakuti palibe wopita kwawo jombo zisanayere, ndipo iwo ankakhala pansi pakati pa anawo, bulashi kumanja. Lamlungu tinkakhala benchi imodzi m'tchalitchi. Nyimbo zina za m'buku lathu zinapezeka kuti maimbidwe ake ndi a kwawo, ndiye ine ndinkaimba m'Chichewa, iwo m'chinenero chawo, ndipo palibe anatitulutsa.

Matenda anabwera mwakachetechete. Poyamba ankaiwala mayina a ana a pabwalo, ife n'kumati ndi ukalamba. Kenako makiyi anapezeka mufiriji. Tsiku lina tikuchokera kubwalo anaima pa siteji n'kundifunsa kuti basi yopita kuchigwa kwawo imaima pati. Madokotala a pachipatala chachikulu cha kuno ku Parklands anajambula mutu, n'kunena kuti ndi matenda oiwalaiwala, ndipo mwina mahedi aja anathandizira. Anati sachira, azingobwerera m'mbuyo. Ine ndinalira m'galimoto pobwerera, sindikubisirani, chifukwa pa ukalamba mnzako weniweni sapezeka kawiri.

Anabwereradi m'mbuyo. Chingelezi chinayamba kuwathawa, n'kutsala chinenero cha mayi awo, chimene m'nyumba monse amamva ndi bambo anu okha. Ndiye m'mawa wina mayi anu podzuka anapeza nsapato za nyumba yonse zili ndandanda pakhonde, zawo, za bambo anu, zanu za kusukulu, ngakhale za mtsikana wantchito, apongozi awo atakhala pansi akupala matope ndi mpeni wa buledi.

Apa mumvetse bwino, kuti musawaweruze mayi anu. Ife tinamulera Thoko mwa Chimalawi ngakhale anakulira kuno. Kwathu mtengwa amagwada popereka madzi kwa apongozi, sawatchula dzina, sawatuma ngakhale kutseka chitseko. Tsono apongozi aamuna, munthu wa imvi, agwire nsapato ya mtengwa wawo, aike dzanja m'kati momwe mumalowa phazi lake? Anathamangira kuno kwa amayi ake.

"Amayi, anthu akaona adzati chiyani? Adzati Thoko wasandutsa apongozi ake houseboy chifukwa mutu wawo sukugwira. Ine sindingathe, amayi, I can't."

Agogo anu aakazi, amene mukuwamva akugwetsa ziwaya kukhitchiniko kuti tidziwe kuti akumvetsera, anayankha monga akanayankhira mayi aliyense wa ku Ntcheu.

"Bisa nsapatozo, mwana wanga. Munthu wamkulu tiyenera kumusungira ulemu wake pamene iye sangathe kudzisungira."

Unali ulemu wokhawokha, ana inu, mopanda nkhanza ngakhale pang'ono. Nsapato zonse zinalowa m'wadiropu n'kukiyidwa. Mukukumbuka masiku aja munkavalira nsapato m'galimoto? Chifukwa chake chinali chimenechi.

Kuyambira pamenepo a Dewi anasokonekera. Ankadzuka m'mawa n'kuyamba kufunafuna, kunsi kwa mipando, m'mabafa, m'mbuyo mwa firiji. Chakudya anasiya. Munthu wofatsa uja anayamba kukalipa, tsiku lina mpaka anaswa galasi la chitseko. Adokotala anawonjezera mankhwala, koma mankhwalawo ankangowagonetsa, akadzuka n'kuyambiranso kufuna. Ndiye m'mawa wina mlonda wa pageti, askari uja mumamupatsa mabisiketi, anatsegulira galimoto ya oyandikana nawo, ndipo potseka a Dewi anali atatuluka, atavala mapatapata ndi malaya ogonera.

Bambo anu anazungulira Lavington yense pa galimoto, nkhope itayera ngati ufa. Ine ndinakwera boda, njinga yamoto ya kabaza, pa msinkhu wanga uno, nditamukumbatira mnyamata woyendetsayo ngati m'bale wanga. Tinafunsa m'mageti, m'maokala, kwa ogulitsa maluwa. Dzuwa lili pamutu mayi wina wogulitsa nthochi anatilozera kusiteji ya matatu, kutsidya kwa msewu waukulu uja umene ngakhale ine ndimaopa kuwoloka. Ndinawapeza kumeneko. Anali atakhala pa kabenchi ka munthu wopukuta nsapato za anthu odutsa, bondo likutuluka magazi poti galimoto ina inawakhudza powoloka, koma manja ali pantchito, akupukuta nsapato ya munthu wina wa tayi amene anangoima kakasi. Mwini kabenchiyo anandiuza kuti, "Mzee anajua kazi," kutanthauza kuti mkuluyu ntchito akuidziwa, ndipo anati sanafune kumuthamangitsa poti anafika akulira koma atagwira bulashi anatonthola.

Pamenepo m'pamene maso anga anatseguka, nkhani za pagalaja zija zonse zinandibwerera. Madzulo ake ndinamuitana Thoko.

"Mwana wanga, amene akupukuta nsapato zako si apongozi ako. Ndi mnyamata wongochoka kumene kwa mayi ake, ali m'dziko la eni, ndipo akudziwa kuti jombo zikasowa amuthamangitsa. Ife tikuti tikumusungira ulemu, iye akuona kuti wataya katundu wa akuluakulu. Tsegula wadiropuyo."

Analira, koma anatsegula. Ndipo kuti asachite manyazi yekha, ndinayamba ndine. Ndinavula nsapato zanga n'kuzipereka kwa asewere anga ndi manja awiri, n'kukhala pakhonde ndi masokosi okha, limodzi lake lobooka pachala. Kunena zoona thupi lonse linkandinyerenyetsa, mwambo sutuluka m'magazi tsiku limodzi. Iwo anazitembenuza, n'kuyang'ana chidendene, n'kupukusa mutu ngati akuti mwini wake ndi wosasamala. Tsiku limenelo anadya mbale yonse n'kugona mpaka m'mawa. Ndiye iwe Tadala, anzako akadzafunsanso, udzawauze kuti amene akupukuta nsapatoyo anavalapo jezi ya dziko lake. Akapanda kumva ndi zawo. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Mtendere unabwerera, koma mtima wa bambo anu sunabwerere. Bondo la magazi lija linkawabwerera m'maso. Anayamba kulemberana ndi achibale ku Wales, ndipo malo anapezeka m'nyumba yosamalirako okalamba pafupi ndi chigwa chawo. Ine poyamba ndinapsa mtima, poti kwathu nkhalamba siperekedwa kwa alendo ngati katundu. Koma bambo anu si munthu wouma mtima, ndipo mfundo zawo zinali zolemera. Kumeneko kuli anamwino odziwa matendawa, zitseko zake munthu sangatuluke yekha, ndipo koposa zonse kuli anthu oyankhula chinenero chimene chawatsalira. Anandifunsa kuti, "Bambo, tsiku lina akadzagundidwa zenizeni, ndidzati ndinawasunga chifukwa chowakonda kapena chifukwa choopa kuoneka woipa?" Ndinangodziwa kuti akakwera ndege imeneyo sindidzawaonanso, ndipo adzafera pakati pa anthu osadziwa chifukwa chimene amafunira nsapato zawo.

Lamlungu lapitali anatiitana kuti tikamalize nkhaniyo. Ndinafuna kuzemba, koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Tinakhala pabalaza anthu anayi, ine, agogo anu aakazi, mayi anu ndi bambo anu, chitseko chotseka, mapepala a ku Wales ali patebulo, pongotsala kusaina. Tinayankhula mozungulirazungulira mpaka mawu anatha. Mayi anu atalephera kupirira anati akaphike tiyi, n'kutuluka. Bambo anu anatenga cholembera.

Kenako tinamva kugogoda. Kunali kugogoda kwaulemu, kwa munthu woopa.

Analowa a Dewi. Anali atavala jekete ndi tayi, mabatani atasemphanitsa, tsitsi atalinyowetsa n'kulipesa chammbali. Anaima pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo, chilili ngati mwana wa sukulu kwa ahedi. Kaya anaona chitseko chotseka ndi anthu akunong'ona, kaya mtima unangowauza, sindidziwa. Bambo anu anagwira pakamwa, n'kundinong'oneza. Anati kumapeto kwa zaka zophunzira ntchito kunkakhala tsiku limene anyamata onse ankavala bwino n'kuima pamzere kunja kwa ofesi ya bwana wa timu. Ankalowa mmodzimmodzi kukamva ngati timu iwasunga kapena abwerere kwawo. Ambiri ankatuluka akulira, n'kukalowa mumgodi.

A Dewi sanayang'ane ine. Anayang'ana mwana wawo, amene anali kuseri kwa tebulo, mapepala kutsogolo, cholembera kumanja. Ndipo anayankhula m'Chingelezi chomveka bwino, chimene tinali tisanachimve kwa miyezi.

"Bwana, jombo zonse ndamaliza. Ndikudziwa kuti ndine wochedwa pothamanga, koma ndimalimbikira, ndipo mutu sindiopa kuikapo. Chonde musandibweze kwathu. Mundisunga?"

Agogo anu aakazi anaphimba nkhope ndi chitenje. Ine ndinayang'ana pansi, poti funso limenelo silinali langa kuyankha. Bambo anu anakhala nthawi yaitali, misozi ikugwera pa mapepala aja. Kenako anaika cholembera pansi, anaimirira, anakonza kolala yawo ngati bwana weniweni, n'kutambasula dzanja.

"Tikusunga, Dewi. Ndiwe wathu. Mawa ubwere nthawi yomwe ija."

Ndiye mwamva, sakupita. Musaganize kuti zikhala zophweka. Kuzibwera namwino masana, geti aikapo loko wina, ndipo ine ndizibwera ndi jombo zamatope za ana a kubwalo kuja kuti ntchito isawathere. Adzaiwala mayina anu, mwina adzakukalipirani popanda chifukwa. Zimene zinachitika Lamlunguzo anaziiwala kale, ndipo tsiku lina adzagogoda pachitseko cha chipinda chako, Tadala, kapena chako, Ivani, n'kufunsanso funso lomwelo. Yankho mwalimva.

Koma ndimalize, zitumbuwa zisanazizire. A Dewi anagwira dzanja la mwana wawo ndi manja onse awiri, nkhope ikuwala ngati ya mnyamata, n'kufunsa kuti, "Bwana, ndingapite kukawauza amayi?" Bambo anu anangogwedeza mutu. Anatuluka mothamanga ndi bondo lawo lotsimphinalo, ife n'kuwatsatira, ndipo m'khonde la m'kati anakumana ndi mayi anu akubwera ndi thireyi ya tiyi. Anaima patsogolo pawo n'kuyamba kuwafotokozera m'chinenero cha kwawo, mofulumira, akuseka, akuloza kuchitseko. Mayi anu sadziwa ngakhale liwu limodzi la chinenero chimenecho, koma sanafunse womasulira. Anaika thireyi pansi. Ananyowetsa nsonga ya chitenje chawo ndi malovu, n'kuwapukuta apongozi awo polishi amene anali patsaya.

"Wachita bwino, mwana wanga," anatero m'Chichewa. "Tiye ukadye."